Nyali ikhale pambali

Anzanga a ku Msaka ndi Chembe, ndili ku Dedza. Pokwera Khwekhwelere kuchokera pa Golomoti makutu anachita kutseka, ndiye kuzizira kwake aise, mwana wa kunyanja ndagona ndi jekete.

Chondibweretsa ndi maphunziro ojambula zithunzi. Aphunzitsi anachotsa flash pamwamba pa kamera nkuiimika pambali, kuseri kwa ambulera yoyera, nkumaiyatsa ndi trigger. Akuti ikakhala pakamera imamenya nkhope maso ndi maso, chipumi nkumanyezimira ngati wadzola mafuta ophikira. Mtunda wa flash ndi munthu ukauwirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Anzanga ankalemba m'makope. Ine ndimangoona bambo, siginala wa zaka zambiri, ali okhaokha m'bwato ndi nyali zawo, patali ndi maboti a chilimira, akukokera usipa komwe akufuna iwo. Ntchito yake ndi yomweyo ndithu.

Ndalama yoyendera anandipatsa amayi, ya usipa wouma, bambo osadziwa. Iwo akuti mwera ukatha nyali ndi yanga. Sindinawayankhebe.

Amene muli ndi chinkhoswe kapena ukwati mu Okutobala mundiuze, ngakhale usiku ndijambula. Zamtengo tikambirana, bola ndiwabwezere amayi.