Diso la Cikanda

Mbila zinabwela panyumba panga m'katoni ya nsapato, pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga. Mlongo wangayo anali atapeza nchito ku Solwezi, ndipo tinagwilizana kuti mnyamata wake, amene anali mu Giledi 5, azikhala ndi ine ku Mtendere mpaka atsilize pulaimale. Anafika ndi cola cimodzi ca zovala ndi katoni yobooledwa timauna pamwamba. Nditamufunsa zimene zinali m'katonimo, anayankha akuyang'ana pansi: "Ni mbila zanga, amalume. Sizicita congo."

Pamenepo ananama. Mbila zikangomva pulasitiki ikukhwekhweleza, zimaliza mluzu ngati anyamata oitanila mabasi pa Kulima Tower. Koma ndinazilola. Ndinazikhomela khola la matabwa akale ndi waya kuseli kwa nyumba, kenako n'kuziiwala. Kwa ine zinali makoswe opanda mcila. Mnyamatayo yekha ndiye anali kuziona mwina. Amayi ake akangodula foni madzulo, sanali kulila pamaso panga. Anali kupita kukhola n'kukhala pa njelwa, akukamba nazo motsitsa mawu mpaka mdima utagwa.

Kumapeto kwa July yaikazi inabala tiana titatu. Amene sanaonepo mwana wa mbila amadabwa. Mbila imakhala ndi bele kwa masiku 59 mpaka 72, nthawi yaitali kwa kanyama kakang'ono conco, ndiye ana ake amabadwa ali ndi ubweya, mano, ndi maso otseguka kale. Tsiku lomwelo amayenda, ndipo posapita masiku amayamba kudya masamba pambali pa mayi wao. Mnyamatayo anawapatsa maina a zakudya: kakang'ono kwambili anakacha Kapenta, kofiilila Cikanda, koyelela Maheu.

Kenako inafika mphepo ya August, ija imanyamula fumbi ndi mapepala a m'komboni monse n'kuzitaya pakhomo pako. Udzu wauwisi unasowa. Tinayamba kuzipatsa gaga, mkute wa nsima, ndi udzu wouma umene mnyamatayo anali kuzula m'mbali mwa msewu. Pansi pa khola ndinathila utuci umene ndinapempha kwa akalipentala a ku Kalingalinga, ndipo ndinadziona wocenjela cifukwa unali waulele. Tinali kuusintha pokhapokha fungo la mkodzo likafika kukhichini.

Sukulu zitangotsegulila temu yacitatu, pa Mande m'mawa, mnyamatayo anandiimitsa pakhomo ndikuthamangila basi. "Amalume, Kapenta saona bwino." Ndinasuzumila mwacangu. Maso onse awili anali ofiila, zikope zotupa, ndipo manthongo anali atauma n'kumata diso limodzi. Ndinamuuza kuti tidzaona madzulo.

Pofika madzulo, pulotu yonse inali itamva, ndipo aliyense anali dokotala. Alandilodi anati tidonthezemo mkaka wa m'mawele. Amayi a nyumba yapafupi anati shuga. Mnyamata wa pa kantemba anati, "Ba Ticha, ipatseni cabe kapisozi, mailo izauka." Malangizo awili oyambawo ndinawaseka mumtima. Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndili ndi digili, sindingathile shuga m'diso. Koma lacitatulo linamveka ngati la kusukulu. M'kabati ndinali ndi makapisozi a amoxicillin amene anatsala pamene ndinadwala dzino. Ndinali nditawasiya pakati n'tangomvako bwino, cinthu cimene ndimaletsa ana a sukulu caka ciliconse. Ndinatsegula kapisozi kamodzi, ndinasungunula ufa pang'ono m'madzi, n'kumwetsa Kapenta ndi kasupuni. Ndinacita zimenezo m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lacitatu Kapenta anasiya kudya. Anakhala pakona atadzikunga, ubweya uli nyankhalala, kumbuyo konse kutanyowa ndi kutsegula m'mimba. Pa Cisanu m'mawa tinamupeza atauma.

"Kanali kofooka kucokela pobadwa," ndinatelo. "Tiana tating'ono ngati aka sitikhalitsa." Ndinakamba ndi mawu a m'kalasi, aja amene mwana satsutsa. Mnyamatayo sanayankhe. Anamukulunga m'sokosi yake ya sukulu n'kumukwilila pansi pa mtengo wa kotapela.

Patapita mlungu umodzi, Cikanda anayamba kutsinzina diso lakumanzele. Lakumanja linali bwinobwino. Lodwalalo linali kungotuluka misozi, ndipo tsiku lotsatila linacita mtambo, loyela mobiliwila ngati galasi lopumilapo mpweya. Ndinapita kukabati. Potembenuka ndinapeza mnyamatayo ataima pakhomo la khichini.

"Osamupatsa, amalume."

"Ufuna afe?"

"Tiyeni kuli ba dokota ba vinyama."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti madokotala a ziweto ndi a agalu a ku Kabulonga, aja amakwela kutsogolo kwa motoka. Ndani anapelekapo mbila kucipatala? Iye analowa m'cipinda, anabwela ndi kacitini ka ndalama zacitsulo zimene anali kusunga pa ndalama ya zitumbuwa, n'kukhuthula pa tebulo. Sizinafike ngakhale K30.

Makapisozi ndinawabweza m'kabati, koma kucipatala sitinapite tsiku limenelo, ngakhale lotsatila. Ndinati ndili ndi mabuku ambili ocongela. Zoona zake n'zakuti ndinali kucita manyazi. Ndinali kudziona ndili m'minibasi ndi mbila pamiyendo, ana a m'kalasi langa akundijambula ndi mafoni. Masiku awili amenewo Cikanda anakhala ndi diso lotseka, akulikanda ndi phazi.

Tinapita pa Ciwelu, ndi katoni ya nsapato ija. Zimene ndinali kuopa zinacitikadi. Cikanda analiza mluzu basi itangonyamuka, ndipo kondakita anasuzumila m'katoni n'kufuula kuti, "Ba Ticha, iyi ndiyo ni ya lelo olo ni ya mailo?" Basi yonse inaseka. Mnyamatayo anangokumbatila katoni yake osaseka nao. Ine ndinayang'ana pawindo, ndikukumbukila kuti ndinakhala zaka 4 pa UNZA, pa kampasi imodzi ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, koma sindinaganizepo kuti zimene amaphunzila kumeneko zingakhudze khola la kuseli kwa nyumba ya m'komboni.

Dokotala amene tinapeza anali mtsikana wocepa msinkhu kwa ine. Iye sanaseke. Anaika Cikanda pa sikelo, anafunsa mnyamatayo dzina la wodwala, n'kulilemba pa khadi. Anadontheza mankhwala a mtundu wa olenji m'diso muja, anazimitsa laiti, n'kuunika ndi katochi ka buluu. Pakati pa diso panawala kadontho kobiliwila. Anatiuza kuti mtunduwo umamata pokhapo pamene khungu loonekela la kutsogolo kwa diso lakalika, ndiye kadonthoko kanali cilonda. Atatelo anakweza cikope, analowetsa kopanila kakang'ono, n'kutulutsa kanjele ka udzu kosongoka, kotalika ngati mpunga umodzi. Kanali mmenemo masiku onse aja, kakukanda diso nthawi iliyonse Cikanda akaphethila.

Zimene anatifotokozela ndinazilemba kuseli kwa lisiti, ngati mwana wa sukulu. Diso limodzi likatseka mwadzidzidzi n'kucita mtambo, kawilikawili ndi kacitsotso kapena udzu umene walasa, ndipo silidikila: cilonda cikazama diso limatha. Maso onse awili akafiila ndi manthongo pa mbila yaing'ono, nthawi zambili ndi fumbi, mpweya woluma wa mkodzo wokhalitsa m'khola, kapena tizilombo. Pali kena kochedwa Chlamydia caviae kamene kamakonda ana a mbila a milungu 4 mpaka 8. Anati matendawo kawilikawili amatha m'milungu itatu kapena inayi ngati maso akupukutidwa ndipo khola ndi laukhondo, ndipo mafuta a m'maso oyenela amathandiza. Anaticenjezanso kuti tisamadabwe ndi timadzi toyela ngati mkaka timene mbila imatulutsa m'maso ikamadzisambitsa, n'kutipaka kumaso ndi mapazi akutsogolo. Timeneto si matenda. Koma anatiletsa kothelatu kudontheza mankhwala a m'maso otsala kwa anthu, cifukwa ena ali ndi steroid, amene amakulitsa cilonda m'malo mocipoletsa.

Atafunsa zimene timazidyetsa, ndinachula gaga ndi mkute. Anandiyang'ana. "Mwati mumaphunzitsa sayansi?" Ndinadziwa kumene anali kupita. Mbila, mofanana ndi munthu, siipanga yokha vitamini C m'thupi. Galu amapanga, mbuzi imapanga, koma mbila iyenela kuipeza m'zakudya tsiku lililonse, apo ayi imafooka, zilonda zimacedwa kupola, ndipo matenda amailowa mosavuta. Mfundo imeneyo ya vitamini C ndi matenda a scurvy ndinali nditailemba pa bolodi kambilimbili. Sindinaitengepo kucoka pa bolodi kupita nayo kuseli kwa nyumba yanga.

Kenako anafunsa ngati panali ina imene inadwalapo. Ndinamuuza za Kapenta, za maso ofiila, ndi za kapisozi. Anaika bolopeni pansi, anayang'ana mnyamatayo, n'kusintha kukamba m'Cizungu, motsitsa mawu. Anati mankhwala a m'banja la penicillin, monga amoxicillin, ndi poizoni kwa mbila. M'matumbo mwake muli tizilombo tabwino timene timaithandiza kugaya udzu. Mankhwalawo amapha timeneto, toipa n'kuculuka ndi kutulutsa poizoni, ndipo mbila imatsegula m'mimba n'kufa m'masiku ocepa. "Maso aja sakanaipha," anatelo.

Anasintha cinenelo pofuna kunditeteza. Koma mwana wa Giledi 5 amamva Cizungu.

Ndalama imene ndinalipila ikanagula mbila zina zingapo. Mnyamatayo anakankhila kacitini kake kwa ine, ndinakabweza. Pobwelela tinakhala kumbuyo kwa basi osakamba kanthu mpaka titatsika. Tili panjila ya fumbi yopita kunyumba, ndinaima.

"Wamva zimene akamba adokotala?"

"Namva."

"Kapenta sanafe cifukwa cofooka. Ndine ndinamupha ndi mankhwala aja. Sindinadziwe, koma ndinacita ngati ndidziwa. Ndipo zija ndinakuuza n'zabodza. Pepa."

Kwathu malume sapepesa kwa mwana wa mlongo wake. Mawuwo anatuluka movuta ngati fupa la nsomba. Iye anayang'ana m'katoni kwa nthawi, kenako anati, "Nenze naziba. Anayamba kudwala m'mimba pamene munamupatsa." Anali ataona zonse kuyambila tsiku loyamba, cifukwa ndiye anali kukhala pa njelwa paja madzulo alionse. Anakhala cete cifukwa wopatsa mankhwalayo anali mphunzitsi, ndiponso mwini nyumba imene anali kugonamo.

Madzulo omwewo tinakokolola utuci wonse n'kuutentha. Tinayala manyuzipepala akale, pamwamba pake udzu wofewa umene tinayamba taukung'untha kuti njele zosongoka ndi fumbi zigwe. Khola tinalisunthila kumbali yosaomba mphepo, ndipo tsopano timasintha zoyala zonyowa tsiku lililonse. Mnyamatayo anagwilizana ndi amayi ena a pa msika kuti azimusungila masamba a lepu otsala ndi ma green pepper oyamba kufota, amene ali ndi vitamini C wambili. Nyengo ya mvula timaonjezela bondwe ndi magwafa.

Diso la Cikanda tinali kulipukuta ndi madzi owilitsa: kapu imodzi, hafu ya supuni yaing'ono ya mcele, n'kuwasiya azizile. Thonje latsopano pa diso lililonse, kupukuta kucokela kumphuno kupita kunja. Kenako mafuta amene dokotala anatipatsa, katatu patsiku. Maheu naye anafiila maso pang'ono mlungu wotsatila. Tinamupatula, tinapukuta, tinaimbila dokotala, ndipo anacila. Pamenepo m'pamene zinandipweteka kwambili, poona kuti Kapenta anafunika zocepa conco.

Cikanda anapola, koma pakati pa diso panatsala kacipsela koyela. Ukamuyandikila kumanzele amadzidzimuka, ndiye timamufikila kumanja. Dokotala sananene kuti masiku awili aja ndiwo anasiya cipselaco, ndipo ine sindinafunse. Ndimangociona m'mawa ulionse.

Ndidziwa kuti ambili a inu muli ndi khola lotelo kuseli kwa nyumba, la mbila, akalulu kapena nkhunda, ndipo ndalama ya dokotala siipezeka nthawi zonse. Madzi a mcele, khola louma ndi masamba auwisi sizifuna ndalama zambili. Kapisozi wotsala m'kabati musamuyandikize kwa mbila. Ndipo diso likacita mtambo, nyamulani katoni tsiku lomwelo, olo basi yonse iseke.

Nkhani ya Kapenta ndimaikamba m'kalasi tikafika pa mavitamini ndi pa mankhwala opha tizilombo. Ana amaseka, ndipo ena ayamba kundicha Ticha wa Mbila ndikadutsa. Ndimawasiya. Mafunso a mutu umenewo salakwa.

Mnyamatayo sananenepo kuti wandikhululukila. Koma tsiku lacinayi la mankhwala, ndikukonzekela kupita kunchito, anandiitana kukhola. Anati manja ake awili sakwanila kugwila Cikanda ndi kufinya kacubu nthawi imodzi. Ndinagwada pa fumbi ndi thalauzi yanga ya kusukulu n'kutambasula manja. Anawayang'ana kaye, katoni ili pacifuwa.

"Amalume, mwasamba kumanja?"

Ndinabwelela kumpopi.