Kwa afisi ndi chikamwini

Timangoti fisi ndi wamantha, wodya zosiya mkango. Komatu fisi wamawangamawanga amasaka yekha nyama yambiri imene amadya, ndipo nthawi zina mkango ndi umene umabwera kudzalanda. Gulu limodzi limatha kufika afisi 80, wolamula ali wamkazi, wamkulunso thupi kuposa amphongo. Mwana amatengera udindo wa amake, moti kamwana ka mfumukazi kamathamangitsa chifisi chachikulu pa nyama. Mphongo ikakula imachoka kwawo n'kukalowa gulu lina, kumene imayambira pansi penipeni, kudya ena onse atakhuta. Chikamwini chenicheni, kungoti sapatsidwa khasu! Ndiye inu a ku Lilongwe, afisi mumawamva akulira usiku m'mbali mwa Lingadzi aja, abwana awo ndi amayi.