Mwana wosamva ululu sasowa kapisozi

Kuno ku Kasina, m'boma la Dedza, nyumba zambiri zili ndi kachitini kosungiramo makapisozi otsala. Mwana akangoti mkodzo wada kapena ukununkha, makolo amathamangira kachitiniko, apo ayi kuokala kukagula Bactrim wa masiku awiri. Ine ndili ndi ana atatu kupulayimale, ndipo chizolowezi chimenechi chimandidetsa nkhawa.

Ndakhala ndikufunsa azaumoyo za nkhaniyi, ndipo zimene ndamva n'zofunika kholo lililonse lizidziwe. Pali ana ena, makamaka atsikana, amene mumkodzo mwawo mumapezeka tizilombo totchedwa E. coli, tochokera m'matumbo, koma iwo osamva kanthu. Thupi silitentha, pokodza sipawawa, ndipo fulaye akusewera bwinobwino. Madokotala amati mwana wotere safunika mankhwala opha tizilombo. Nthawi zambiri tizilomboto timatha tokha, ndipo kutithira mankhwala kumatha kutsegulira khomo tina taukali. Amayi oyembekezera ndiwo amapatsidwa mankhwala ngakhale asakumva ululu.

Vuto lagona apa: kapisozi iliyonse imapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba. Totsalato timaswana, kenaka timafalikira kwa ana ena kudzera m'manja osasamba ndi m'zimbudzi. Tsiku limene mwana adzadwaledi, mankhwala aja amangokhala ngati ufa.

Zimenezi zikuchitika kale m'dziko muno. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene adatuluka mu 2017, adaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, E. coli wosamva mankhwala amphamvu ngati jakisoni wa ceftriaxone sankafika 1 pa 100 alionse. Pofika 2016 adafika 30 pa 100. Padziko lonse, tizilombo tosamva mankhwala tidapha anthu 1.27 miliyoni mu 2019 mokha.

Kwa ife a kumudzi, mankhwala wamba akalephera ndiye kuti mwana atumizidwa ku chipatala chachikulu ku Dedza kapena ku Lilongwe. Ndalama za kachewere wa chaka chonse zimathera pa thiransipoti ndi kudikirira matenda, uku mwana akujomba kusukulu.

Sindikuti tizinyalanyaza ana. Mwana akatentha thupi, akamalira pokodza, akamakodza pafupipafupi, akamamva kuwawa m'chiuno, kapena akayamba kukodza pogona pamene adasiya kale, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matendawa akafika ku impso amaopsa. Akatipatsa mankhwala, amwe monga momwe adokotala anenera, osagawirako mng'ono wake. Mkodzo wa magazi nawo nthawi zambiri umakhala likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel uja amagawa m'sukulu. Kapisozi sichiza likodzo.

Palinso zimene tingachite osatulutsa khobidi. M'miyezi ya June ndi July kuno kumazizira kwambiri moti ana amatha tsiku osamwa madzi. Atsikana ena amasunga mkodzo mpaka poweruka chifukwa zimbudzi zina zilibe zitseko. Tiwanyamulitse botolo la madzi, tiwaphunzitse kudzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo makomiti a sukulu aike zitseko ndi mipondagiya yokhala ndi sopo.

Makolo anzanga, mankhwala otsala m'kachitini muja tikawabweze kuchipatala. Ana athuwa adzawafuna makapisozi ogwira ntchito tsiku limene adzadwaledi.

Kholo lokhudzidwa,
Kasina, Dedza