Bokosi la agogo lapulumuka

Abale anga kumudzi kuno ndi inu a m'tauni, bokosi lija agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, dzulo ndinatsala pang'ono kuliswa. Chivindikiro chimagwedera, ndiye ndinati ndizule timisomali takale ndikhome tatsopano. Kungokoka kamodzi ndi hamala, thabwa lija ng'aa! Mtima wanga myuu. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, cha bambo anga chatsala n'chomwechi."

Ndinakhala kaye pansi. Paja msomali ukachita dzimbiri umatupa n'kukanirira m'thabwa, sufuna mphamvu. Ndinadontheza timafuta ta makina osokera pa kamutu kalikonse, n'kusiya usiku wonse. M'mawa uno ndalowetsa nsonga ya kampeni pansi pa kamutu, kunyamula pang'ono, kenako kugwira ndi pulayala, nditayala kachikopa kuti chitsulo chisadinde thabwa. Kupotoza pang'onopang'ono, kukoka molunjika. Timisomali 9 tatuluka bwinobwino. Tiwiri taduka mitu, ndangotisiya momwemo, kutikumba n'kuwonjezera bala.

Mng'alu uja ndamata ndi guluu, koma chipsera chikuoneka. Mukadzabwera pa Khirisimasi musadzakalipire ana. Wolakwa ndine.