Phewa likamaopa mfuti

Malume anga ankaperekeza alenje ku Luangwa. Ankati mlendo amene ankawadetsa nkhawa kwambiri ndi wobwera ndi .300 Winchester Magnum yatsopano. Mfutiyo imamenya phewa koopsa, ndiye munthu amayamba kutsinzina asanawombe, chipolopolo n'kukalowa m'mimba mwa nswala. Kenako malume ankalondola magazi tsiku lonse padzuwa.

Choncho ine sindidandaula kuti alenje ambiri ku America akusiya mfuti zikuluzikuluzi n'kutenga 6.5 Creedmoor, imene Hornady anatulutsa mu 2007. Simenya kwambiri, munthu amalozetsa mtima uli m'malo, nyamanso siivutika nthawi yaitali. Koma kwa njati, malume sakanalola mlendo kusiya .375 H&H ya 1912 ija kumsasa.