DZINA LIMENE SILINALI KUSOWA PAPEPALA LANGA

M'caka ca 2001, pamene ndinali mu Giredi 5 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete, aphunzitsi anandisankha kukhala monita. Nchito yanga inali yolemba maina a ana ocita phokoso. Dzina limodzi silinali kusowa papepala langa, ndilo la mnyamata amene ndinali kukhala naye pa desiki imodzi.

Mnyamatayu sanali kutha kukhala pansi nthawi yaitali. Mnzace akangomkhudza pang'ono, nkhonya inali itafika kale. Tsiku lina anang'amba buku lace lomwe, nalira kufikira nthawi yoweruka. Ife ana tinali kumuitana kuti "wamisala", ndipo akulu ena anali kunena kuti ali ndi ziwanda. Ine ndinali kulemba dzina, iye nalandira zikoti, ndipo m'mawa mwace zonse zinali kuyambanso.

Caka cotsatira kunabwera mphunzitsi wina, mai wacikulire. Asanamlange konse, maiwa anapita kukaona kumene anali kukhala. Anapeza kuti makolo ace onse awiri anamwalira, ndi kuti anali kusungidwa ndi ambuye ace okalamba. Masiku ambiri anali kubwera kusukulu wosadya kanthu, atayamba wadyetsa ng'ombe za eni.

Maiwa anamkhazika patsogolo pafupi ndi thebulo lao. Anampatsa nchito yoliza belu ndi yogawa mabuku. Masamu anali kumpatsa pang'ono-pang'ono, awiri kapena atatu, ndipo akatsiriza anali kumuyamika ife tonse tirikumva. Akaona kuti nkhope yace yayamba kusintha, anali kumtuma kukathirira mitengo ya sukulu kufikira mtima utatsika. Akamenya mnzace, cilango cinalipo ndithu: kupepesa ndi kukonza cimene anaononga. Ukali wace sunathe msanga ai, koma ndeu zinacepa, ndipo anafika polemba mayeso a Giredi 7.

Boma linaletsa cikoti m'masukulu m'caka ca 2003, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2011 linatsimikiza ciletsoco. Makolo ena amadandaula kuti popanda cikoti ana sadzamva. Ine ndinaona ndi maso anga kuti zikoti za caka cathunthu sizinasinthe mnzanga uja. Ku Lusaka kuli koleji ya ZAMISE, imene inayamba m'caka ca 1971, kumene aphunzitsi amaphunzira kasamalidwe ka ana ofunika thandizo lapadera. Koma mphunzitsi, ngakhale aphunzire cotani, sangadziwe za kunyumba ngati makolo akhala cete.

Cotero inu makolo, mwana wanu akayamba ndeu zosatha, kulira kosadziwika cifukwa, kapena kudzipatula kwa anzace, musafulumire kunena kuti walodzedwa. Kaonaneni ndi aphunzitsi ace, muwauze zonse, kaya ndi maliro, njala kapena nkhanza za panyumba. Vuto likapitirira, pitani naye kucipatala akamuone.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinakhala pa desiki imodzi ndi mwana wamasiye caka conse, ndikulemba dzina lace, koma sindinamfunse ngakhale kamodzi ngati wadya. Mpaka lero mlandu umenewu umandivuta mumtima.