Mphunzitsi Wopuma ndi Tanki Yobisika m'Cipupa

Anthu amene anakhala m'nyumba za boma zaka zoyamba za ufulu akumbukira bwino cimbudzi ca madzi ca masiku amenewo. Tanki yace inali yacitsulo, yopacikidwa pamwamba pafupi ndi denga, ndipo munthu anali kukoka cheni kuti madzi atsike. Pambuyo pace tanki inatsitsidwa nikhala kumbuyo kwa beseni, ndi kacogwirira kopotoza. Lero m'nyumba zambiri zatsopano za mu Lusaka, Ndola ndi Chipata tanki sioneka konse. Iri m'kati mwa cipupa, yophimbidwa ndi matailosi, ndipo cooneka ndi civundikiro cokha ca mabatani awiri.

Luso limeneli si la dzulo ai. Kampani ya Geberit ya ku Switzerland inayamba kupanga matanki obisika m'caka ca 1964, ndipo kampani ya Caroma ya ku Australia, dziko limene madzi ndi osowa, inabweretsa cimbudzi ca mabatani awiri mu 1980. Pa matanki ambiri a masiku ano batani lalikuru limatulutsa malita 6 ndipo laling'ono malita 3. Colinga cace ndico kusunga madzi. Koma tanki yomweyo ikaonongeka imatha kutaya madzi usana ndi usiku mwini nyumba osadziwa, pakuti zonse zicitikira kumene maso safika.

Zotere ndizo zinagwera mkulu wina wocokera ku Katete amene anaphunzitsa ana zaka zambiri nadzapuma pa nchito ali mu Lusaka. Ndalama zace za penshoni anamangira nyumba yaing'ono kuseri kwa yace kuti lendi izimusunga pa ukalamba, ndipo womanga anamulangiza kuikamo tanki yobisika ponena kuti ndiyo imakopa ocita lendi. Kwa zaka zingapo zonse zinayenda bwino. Kuciyambi kwa 2024 batani laling'ono linafa. Munthu akalikankha linali kungolowa lofewa, madzi osatuluka. Lalikuru linali kugwira nchito, koma nthawi zina linali kukanirira m'kati mpaka wina alimenye ndi cikhato.

Banja locita lendi, limene linali ndi ana atatu, linapirira poyamba. Koma nyengoyo inali yoopsa. Kolera imene inabuka mu October 2023 inali itakula kotero kuti mu January 2024 bwalo la masewero la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Mai wa m'nyumbamo ananena mwaulemu koma mosabisa kuti, "Aphunzitsi, ife ndi ana ang'ono sitingakhale m'nyumba imene cimbudzi cace cicita kunyengereredwa. Cikakanika kukonzeka mwezi uno, mutikhululukire, tidzafuna kwina."

Bilu ya madzi nayo inabwera yokwera kuposa masiku onse. Mkuluyo, pokhala munthu wa masamu, sanathamangire kukadandaula ku ofesi. Usiku wina anapempha anthu onse pamalopo kuti asatsegule mpope, nalemba manambala a pa mita nthawi ya 10 koloko. M'mawa pa 6 koloko anapeza kuti malita 96 apita pamene anthu onse anali m'tulo. Anawerengera pa pepala: malita 12 pa ora, 288 pa tsiku, 8,640 pa mwezi wa masiku 30, ndiko kuti madiramu a malita 210 oposa 40. Atayang'anitsitsa m'beseni anaona kamzere kocepa ka madzi kotsetsereka kumbuyo kwace kopanda phokoso. Izi zinali kucitika m'caka cimene, pa 29 February, President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Kwa munthu amene anakula aona amace asenza mtsuko kucokera kudambo, cinthuci cinali camanyazi.

Munthu woyamba amene anaitanidwa anali womanga nyumba, wosazolowera za mipope. Anagogoda cipupa, napukusa mutu, nati palibe njira ina koma kuswa matailosi ndi kucotsa tanki yonse. Mtengo umene anachula unali wa lendi ya miyezi ingapo, ndipo matailosi a mtundu umenewo anali atatha kale m'masitolo. Mphunzitsiyo anagona nayo nkhaniyo masiku awiri. Cinamubvuta kukhulupirira kuti anthu anzeru zopanga cinthu cotere akanaiwala kusiya khomo lokonzera. Pokumbukira kuti safunsa anadya phula, anatumiza mau kwa mdzukulu wace wamkazi amene anali kuphunzira za mipope pa sukulu ya nchito za manja.

Mtsikanayo anafika pa Ciweru ndi kacikwama kakang'ono, mopanda nyundo. "Ambuye," iye anatero, "khomo mulifunalo ndi ili muliyang'ana tsiku ndi tsiku." Anagwira civundikiro ca mabatani ndi manja awiri, nacikankhira m'mwamba pang'ono, nacikoka, ndipo cinacoka. Kumbuyo kwace kunali felemu ya pulasitiki ndi timitengo tiwiri ta mazinga tolowa m'kati. Anafotokoza kuti batani palokha liribe mphamvu; limangokankha kamtengo, kamtengo nkukankha kacipangizo kamene kamanyamula valavu yotulutsa madzi. Kamtengo kakafupika batani limalowa cabe osafika pa kanthu, ndipo kakatalika kwambiri valavu siikhala pansi bwino, madzi nkumadontha. Pa matanki ena m'malo mwa timitengo mumakhala waya, kapena kapaipi kocepa kamene kamanyamula mpweya kucokera ku batani. Kapaipiko kakavuka kapena kung'ambika batani limafanso cimodzimodzi.

Kamtengo ka batani laling'ono kanali katamasuka ndi kubwerera m'mbuyo. Koma mtsikanayo sanalekere pomwepo. Anacotsa felemu ndi kacitseko kochinga pakamwa pa tanki, nalowetsa dzanja ndi kutseka kampope kamene kali m'kati momwemo. Asanatulutse madzi anaunika ndi tochi kuti aone pamene afika. Anauza ambuye ace kuti m'tanki muli mavalavu awiri. Yoyamba imalowetsa madzi ndipo iri ndi coyandama cimene cimaitseka tanki ikadzala. Imeneyi ikalephera madzi amakwera mpaka kusefukira m'paipi yotetezera, imene imawatsitsira m'beseni. Yaciwiri ndi yotulutsa madzi, imene kunsi kwace kuli labala wozungulira. Pano madzi anali pansi pa mlomo wa paipi yosefukira, komabe anapitiriza kutsika ngakhale kampope kanali kotseka. Motero mlandu unali wa labala.

Atakhuthula tanki, anamasula kacipangizo konyamula valavu, napendeketsa valavuyo mosamala kufikira inatulukira pa kazenera komweko. Labala anali atauma ndi kucita matuza, ndipo thupi lonse la valavu linali litakutidwa ndi zoyera zonga phulusa louma. Mzinda wa Lusaka wakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime zace amanyamula laimu ameneyu, yemwe amaonekanso m'maketulo. Ndiye anali kugwira valavu kuti isatsike msanga, cifukwa cace batani lalikuru linali kukanirira. Ananyika valavuyo mu viniga kwa maora awiri, naitsuka ndi mswaci wakale, napukutanso pamene imakhala pansi pa tanki. Labala wakaleyo anapita naye ku sitolo ya zipangizo kuti akayerekeze, pakuti malabala amasiyana kukula monga mwa mtundu wa tanki.

Pofika madzulo zonse zinali zitabwezedwa m'malo mwace. Anapotoza timitengo mpaka tinangokhudza mabatani osawakankha, natsegula kampope, nayesa batani liri lonse kasanu. Potsiriza anapukuta kumbuyo kwa beseni, namatapo kapepala ka cimbudzi kouma. Patapita theka la ora kapepalako kanali kakali kouma. Usiku umenewo mita siinayende, ndipo banja lija linakhalabe.

Mphunzitsiyo amati cimene cinamukhudza kwambiri ndi kuona kuti cipupa cinatsala pang'ono kugwetsedwa cifukwa ca labala wokwana m'cikhato. M'zaka zace za uphunzitsi ana amene anali kupita ku masukulu a nchito za manja anali kuyesedwa otsalira, ndipo makolo ambiri anali kufunira ana ao nchito ya mu ofesi. Tsopano amauza makolo anzace ku chalichi kuti nyumba zimene zikumangidwa mu Chalala ndi Silverest zidzafuna manja odziwa mipope kwa zaka zambiri, ndi kuti mwana wamkazi angathe kuigwira nchitoyo monga wamwamuna.

Kwa amene akumanga, malangizo ace ndi ocepa. Gulani tanki ya dzina lodziwika imene malabala ndi mavalavu ace apezeka m'sitolo ya pafupi, ndipo sungani pepala lace. Musalole womanga kumata civundikiro ca mabatani ndi simenti kapena guluu, cifukwa ndico khomo lokha. Musaponye mankhwala a klorini m'tanki, pakuti amadya labala. Ndipo kamodzi pa mwezi werengani mita usiku ndi m'mawa, popeza madzi akataika saoleka, koma bilu yace imafika ndithu.